Mwendo, chiboda ndi theka: mayina a magawo m'masamu akale a ku India

Ku Lumbini, m'dziko la Nepal, kudakali chipilala cha mwala chimene Mfumu Ashoka ya ku India idaimika cha m'chaka cha 249 Khristu asanabadwe. Mfumuyi idafika pamalopa kudzalemekeza mudzi umene Buddha adabadwira, ndipo idalamula amisiri kuti azokote mawu ochepa pamwalapo. Limodzi mwa mawuwo ndi lakuti athabhagiya, la m'chiyankhulo cha anthu wamba cha nthawiyo chotchedwa Prakrit. Akatswiri ambiri amalimasulira kuti kuyambira pamenepo anthu a m'mudzimo azipereka kwa mfumu gawo limodzi mwa magawo 8 a zokolola zawo. Mabuku akale a malamulo a ku India amatchula msonkho wozolowereka wa mfumu kuti shadbhaga, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 6. Choncho mlimi amene adakolola madengu 24 a mpunga, m'malo motula madengu 4 kwa akuluakulu a msonkho ankatula 3, dengu limodzi n'kutsala m'nkhokwe.

Nkhaniyi ikuoneka yapafupi, koma muli msampha. Nambala 8 ndi yaikulu kuposa 6, komabe 1/8 ndi yochepa kuposa 1/6, pakuti chinthu chikagawidwa kwa anthu ambiri aliyense amalandira zochepa. Munthu wosazindikira zimenezi akadabwerera kunyumba akudandaula kuti mfumu yakweza msonkho pamene idatsitsa. Msampha womwewu umakola anthu mpaka lero pogawana feteleza m'kalabu, posungunula mankhwala a mbewu, ngakhalenso powerengera chiwongoladzanja cha ngongole.

Masamu a magawo, amene ana asukulu amawadziwa ndi dzina lakuti mafulakishoni, ali ndi mbiri yaitali. Aigupto akale adali ndi njira yawo, ndipo anthu a ku China ankatchula nambala ziwiri za gawo kuti mwana ndi mayi. Koma kalembedwe koika nambala imodzi pamwamba pa inzake, kamene kafalikira dziko lonse, kadachokera ku India, m'mabuku olembedwa m'chiyankhulo cha Sanskrit. Chimenechi chidali chiyankhulo cha chipembedzo cha Chihindu ndi cha maphunziro kwa zaka zoposa 2,000. Eni ake sadapite kutali kukafuna mawu a masamu. Adawatola m'khola, pamsika ndi pa ntchito za manja, ndipo liwu lililonse linkakumbutsa wophunzira chimene ayenera kuchita ndi nambala.

Ng'ombe yogulira soma

Mabuku a Veda, omwe ndi akale kwambiri m'chipembedzo cha Chihindu, ali kale ndi mayina a magawo. Ardha ndi theka. Pada ndi phazi kapena mwendo, ndipo popeza ng'ombe ili ndi miyendo inayi, liwuli lidayamba kutanthauza 1/4. Tripada, miyendo itatu, ndi 3/4. Shapha ndi chiboda. Chiboda cha ng'ombe ndi chong'ambika pakati, motero pamiyendo inayi pali zidutswa 8, ndipo shapha idakhala 1/8. Palinso kala, kutanthauza 1/16. Anthu a kumeneko ankati mwezi uli ndi magawo 16 otere, amene amawonjezereka mwezi ukamakula ndi kuchepa ukamatha.

Buku lotchedwa Shatapatha Brahmana, lolongosola miyambo ya nsembe, limasimba za kagulidwe ka soma, chomera chimene madzi ake ankaperekedwa nsembe. Mtengo wake udali ng'ombe yaikazi, koma wansembe sankafulumira kutchula ng'ombe yonse. Ankayamba ndi kala, wogulitsa n'kukana kuti soma ndi wamtengo woposa pamenepo. Wansembe ankakweza kufika pa shapha, kenako pada, kenako ardha, ndipo pomaliza ankapereka ng'ombe yathunthu. Aliyense amene adanenererapo mtengo wa mbuzi pamsika awuzindikira mchitidwewu. Chofunika kuona ndi chakuti pa kukweza kulikonse mtengo unkawirikiza kawiri: 1/16, 1/8, 1/4, 1/2, kenako 1. Kudula pakati ndiko kugawa kosavuta kwa munthu wopanda sikelo, chifukwa maso okha amatha kuweruza ngati milu iwiri ikufanana. N'chifukwa chake nambala 16 idakhazikika m'moyo wa anthu a ku India, kotero kuti ndalama yawo ya rupee idali ndi timagawo 16 totchedwa anna mpaka m'chaka cha 1957, pamene boma lidayamba kuigawa m'magawo 100.

Mawu amenewa sadafe. M'chiyankhulo cha Hindi, chimene anthu mamiliyoni ambiri amayankhula masiku ano, ardha idasanduka adha ndipo pada idasanduka pav. Liwu lakale lakuti sapada, "chokhala ndi mwendo wowonjezera", lidasanduka sava, kutanthauza chinthu chathunthu ndi kota. Padona, "chopereweredwa mwendo", lidasanduka paune. Mayi wogula mkaka pamsika wa ku Delhi akuwerengabe ndi miyendo ya ng'ombe ngakhale iye sakuganizako.

Chingwe ndi zikhomo

Malo ena amene magawo adafunikira kwambiri ndi pomanga maguwa ansembe. Malangizo ake ali m'mabuku otchedwa Shulba Sutra, ndipo shulba ndi chingwe choyezera. Lakale kwambiri mwa mabukuwa ndi la Baudhayana, limene akatswiri amaliika pakati pa zaka za 800 ndi 500 Khristu asanabadwe. Zipangizo za amisiriwa zidali chingwe ndi zikhomo, zomwezo zimene mlimi amagwiritsa ntchito powongola mizere kapena poyeza maziko a khola.

Guwa lotchuka kwambiri linkamangidwa mofanana ndi mphamba wotambasula mapiko. Lidali ndi njerwa 1,000, zosanjidwa m'mizere isanu ya njerwa 200 uliwonse, ndipo kukula kwa bwalo lake kudali miyeso 7 ndi theka ya purusha. Purusha ndi msinkhu wa munthu ataimika manja m'mwamba. Nambala ya 7 ndi theka ankaitchula kuti ardhashtama, kutanthauza kuti zisanu ndi ziwiri zakwana ndipo chachisanu ndi chitatu chili theka. Mwa njira yomweyi 2 ndi theka idali ardhatritiya, chachitatu chili theka, ndipo ndiko kudachokera liwu la Hindi lakuti dhai.

Magawo amene adalibe dzina la m'khola ankapangidwa powerenga malo a chinthu pamzere n'kuphatikizapo liwu lakuti bhaga, kutanthauza gawo. Panchama-bhaga ndi gawo lachisanu, 1/5, ndipo dashama-bhaga ndi gawo lakhumi, 1/10. Chichewa chimachita chimodzimodzi chikamati chakhumi ponena za gawo limodzi mwa magawo khumi.

Ndi mayina ochepawa amisiri adakwanitsa zinthu zozama. Bwalo likakhala lofanana mbali zonse zinayi, chingwe chodutsa pakati kuchokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopenyana nayo chimatalika kuposa mbali imodzi. Funso ndi lakuti chimatalika motani. Baudhayana adaphunzitsa kuti munthu atenge mbaliyo, awonjezere gawo lake lachitatu, awonjezerenso gawo lachinayi la gawo lachitatulo, kenako achotse 1/34 ya kagawo komalizako. Zonse pamodzi zimapereka 577/408. Pa munda wa mamita 100 mbali iliyonse, yankho limeneli limasiyana ndi loona ndi mpata wosakwana milimita imodzi.

Chophwanyika, chodula ndi cholandira

Pofika nthawi ya Aryabhata, amene adabadwa m'chaka cha 476 ndi kulemba buku lake la Aryabhatiya mu 499, masamu adali atakhala phunziro lapalokha lokhala ndi mawu akeake. Mawu atatu ndiwo maziko a nkhani ya magawo.

Loyamba ndi bhinna, "chophwanyika" kapena "chosweka". Limeneli ndilo dzina la nambala iliyonse ya magawo. Nambala zathunthu zinkatchedwa abhinna, zosaphwanyika, ndipo chinthu chimodzi chathunthu chidali rupa. Lachiwiri ndi chheda, lochokera ku mneni wotanthauza kudula. Iyi ndi nambala ya pansi, yonena kuti chinthu chadulidwa m'zidutswa zingati zofanana. Dzina lake lina ndi hara, chogawira. Lachitatu ndi amsha, gawo lolandira munthu, liwu lomwenso ankagwiritsa ntchito ponena za gawo la mwana pa chuma chamasiye. Iyi ndi nambala ya pamwamba.

Potero mwana wophunzira 3/4 sankafunikira kuloweza kuti ya pamwamba imatani ndipo ya pansi imatani. Mayina ankanena okha: 4 ndi mpeni wodula, 3 ndi zidutswa zimene munthu watenga. Ndi mayina otere nkhani ya ku Lumbini imamveka msanga. Chheda ikakula, ndiye kuti mpeni wadutsa kambiri, ndipo chidutswa chilichonse chachepa.

Akatswiriwa ankalemba malamulo awo m'ndakatulo zazifupi kuti ophunzira aziloweza, popeza mabuku adali osowa ndipo ankakopedwa pamanja. Ndakatulo imafuna mawu okwanira muyeso wa mzere, motero chinthu chimodzi chinkakhala ndi mayina angapo. Nambala ya pamwamba inkatchedwa amsha, bhaga kapena lava, malinga ndi liwu limene lakwana pamalopo. Ngakhale mzere wa ndakatulo unkatchedwa pada, chifukwa ndime imodzi inkakhala ndi mizere inayi monga miyendo ya ng'ombe. Kuwerengera kwenikweni kunkachitikira pa thabwa lowazidwa fumbi, pomwe ankalemba ndi chala kapena kamtengo n'kufufuta. Ndiko kudachokera mayina akuti patiganita, masamu a pathabwa, ndi dhulikarma, ntchito ya pafumbi.

Umboni wa kalembedwe kawo ulipo. M'chaka cha 1881 mlimi wina akukumba pafupi ndi mudzi wa Bakhshali, m'dera limene tsopano lili m'dziko la Pakistan, adapeza buku la masamu lolembedwa pa makungwa a mtengo wa birch. Masamba ake otsala ndi pafupifupi 70, ndipo akusungidwa ku laibulale ya Bodleian ku Oxford. Atapimidwa mu 2017, masamba atatu adasonyeza zaka zosiyanasiyana, kuyambira cha m'ma 200 mpaka cha m'ma 900, ndipo akatswiri sadagwirizane pa tanthauzo la zotsatirazi. Chimene chikuoneka ndi maso ndi chakuti amsha ili pamwamba, chheda ili pansi, ndipo pakati pake palibe kamzere. Nambala yathunthu imalembedwa ndi 1 pansi pake, kusonyeza kuti ndi chinthu chosadulidwa, kotero kuti malamulo a magawo amagwiranso ntchito pa iyo.

Kufananitsa mtundu

Liwu limene lili ndi phunziro lalikulu kwambiri ndi savarna. Varna ndi mtundu, monga mtundu wa nsalu kapena gulu la zinthu zofanana, ndipo savarna ndi "za mtundu umodzi". Lamulo lidali lakuti magawo sangaphatikizidwe kapena kuchotseredwa asanakhale a mtundu umodzi, ndiko kuti asanakhale ndi chheda yofanana.

Brahmagupta, amene adakhala ku Bhillamala m'dera la Rajasthan, adalemba njira yake m'buku la Brahmasphutasiddhanta m'chaka cha 628. Nambala zonse ziwiri za gawo loyamba zichulukitsidwe ndi chheda ya gawo lachiwiri, ndipo za gawo lachiwiri zichulukitsidwe ndi chheda ya gawo loyamba. Chitsanzo ndi ichi. Banja laganiza zogulitsa 1/3 ya chimanga chake kuti lilipire sukulu, ndi 1/4 kuti ligule feteleza. Wofulumira amaphatikiza za pamwamba pazokha ndi za pansi pazokha n'kupeza 2/7, yankho lolakwika moonekeratu chifukwa ndi lochepa kuposa 1/3 imene adayambira. Mwa njira ya Brahmagupta 1/3 imasanduka 4/12, ndipo 1/4 imasanduka 3/12. Tsopano zonse ndi zidutswa za mtundu umodzi, ndipo pamodzi ndi 7/12. Ngati banjalo lidakolola matumba 12, ligulitsa 7 n'kutsala ndi 5. Lodalira 2/7 likadayembekeza kutsala ndi matumba oposa 8, ndipo kusiyanako likadakuzindikira m'miyezi ya njala.

Cha m'chaka cha 850 katswiri wina wa kummwera kwa India, Mahavira, wa chipembedzo cha Jain koma wolemba m'Sanskrit, adapatula mutu wathunthu wa buku lake la Ganitasarasangraha kuti ukambe za magawo, n'kuutcha kalasavarna. M'dzinali muli kala, kagawo kakale ka 1/16 kamene tsopano kadayamba kuimira gawo lililonse. Mahavira adaphunzitsanso njira yachidule yotchedwa niruddha, yofuna nambala yaing'ono kwambiri imene machheda onse angalowemo popanda chotsala. Pophatikiza 1/4 ndi 1/6, njira yakale imapereka 10/24, pamene niruddha imapeza 12 n'kupereka 5/12. Mayankho awiriwa ndi amodzi, ndipo ntchito yochepetsa 10/24 kuti ikhale 5/12 inkatchedwa apavartana.

Pogawa nambala ndi gawo, lamulo lidali losinthanitsa malo a amsha ndi chheda a chogawiracho, kenako kuchulukitsa. Ngati pali matumba 3 a mbewu ndipo khomo lililonse liyenera kulandira 1/4 ya thumba, 1/4 imatembenuzidwa kukhala 4/1, ndipo makomo olandira ndi 12.

Gawo la gawo

Chifukwa chakuti ankalemba popanda zizindikiro zambiri za masamu, akatswiriwa adaika mafunso a magawo m'magulu otchedwa jati, gulu lililonse ndi lamulo lake. Shridhara ndi Mahavira adatchula magulu 6, ndipo lomaliza, losakaniza ena onse, adalitcha bhagamatri, mayi wa magawo. Bhaskara wachiwiri, amene adabadwa mu 1114 ndi kulemba buku lotchuka la Lilavati cha mu 1150, adasunga magulu anayi: bhaga, prabhaga, bhaganubandha ndi bhagapavaha. Bhaga ndi kuphatikiza kapena kuchotsera magawo wamba, monga kwa banja la chimanga lija.

Prabhaga ndi gawo la gawo. Lamulo lake ndi lochulukitsa za pamwamba zokhazokha ndi za pansi zokhazokha. Bhaskara adapereka chitsanzo choseketsa cha munthu woumira amene wopemphapempha adamupempha ndalama. Woumirayo adapereka 1/4 ya 1/16 ya 1/5 ya 3/4 ya 2/3 ya theka la ndalama yotchedwa dramma. Kumva mndandanda wautaliwu munthu angaganize kuti walandira zambiri, koma zikachulukitsidwa zimapereka 1/1280 ya dramma. M'ndalama za nthawiyo tizigoba 20 ta nkhono za m'nyanja yamchere tinkapanga kakini imodzi, makakini 4 ankapanga pana, ndipo mapana 16 ankapanga dramma. Motero dramma idali tizigoba 1,280, ndipo wopemphayo adachoka ndi kachigoba kamodzi, ndalama yotsikitsitsa m'dzikomo.

Bhaganubandha ndi kulumikiza gawo ku chinthu, pamene bhagapavaha ndi kuchotsapo gawo. M'magulu awiriwa akatswiri ankasiyanitsa mosamala gawo la chinthu chathunthu cha poyamba ndi gawo la chimene chilipo tsopano. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mtengo wa chinthu ukakhala 16 n'kukwera ndi kota, umafika pa 20. Ukatsika ndi kota pambuyo pake subwerera pa 16, umafika pa 15, chifukwa kota yachiwiriyo ndi ya 20. Wogulitsa zokolola amene wauzidwa kuti mtengo udakwera ndi kota kenako udatsika ndi kota, ndipo palibe chasintha, wataya gawo limodzi mwa magawo 16.

Kuchotsa kobwerezabwereza kumadya msanga kuposa m'mene maso amaonera. Katundu wa matumba 256 akadutsa m'manja anayi, dzanja lililonse n'kutapapo kota ya zimene lalandira, otsala amakhala 192, kenako 144, kenako 108, ndipo pomaliza 81. Palibe amene watenga zoposa kota, koma chofika kumapeto sichikwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Masamu ake ndi omwewo, kaya katunduyo ndi thandizo lopita kumudzi kapena ndi ndalama ya zokolola yobwerera kwa mlimi kudzera mwa ogula apakati.

Magawo a ngongole

Magawo adalowanso m'malamulo a ngongole. Buku la Arthashastra, lokamba za kayendetsedwe ka boma, limati chiwongoladzanja choyenera ndi sapada pana pa mapana 100 pamwezi, ndiko kuti pana imodzi ndi kota. Buku la malamulo la Manusmriti limatchula muyeso womwewu ndi dzina lina, ashiti-bhaga, gawo limodzi mwa magawo 80 pamwezi. Kungomva, 1 ndi kota pa 100 ndi 1 pa 80 zimaoneka zosiyana, koma zikaikidwa pa mtundu umodzi zonse ndi 5/400, ndipo pa miyezi 12 zimakwana 15 pa 100. Mabukuwa adalolanso chiwongoladzanja chokwererapo pa ngongole zina, monga za amalonda oyenda maulendo oopsa.

Muyeso wakalewu umathandiza kuyeza ngongole ya masiku ano. Wobwereketsa wofuna kota ya ndalama pamwezi akufuna 20/80, kuwirikiza ka 20 chiwongoladzanja chimene mabuku aja ankachiona choyenera, ndipo m'miyezi inayi yokha chiwongoladzanjacho chimafanana ndi ngongole yeniyeniyo. Wokongola amene wangomva liwu lakuti kota osafunsa ngati ndi ya pamwezi kapena ya pachaka, ndiponso ngati ikuwerengedwa pa ndalama ya poyamba kapena pa ngongole yomwe yakula kale, akuvomera chinthu chimene sadachiyeze. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kamzere ka pakati

Masamu a ku India adafika ku Baghdad, kumene al-Khwarizmi adalemba buku lolongosola kawerengedwe ka Ahindu cha m'chaka cha 825. Aluya adatcha gawo kuti kasr, liwu lotanthauzanso chophwanyika, ndipo liwu la Chilatini lakuti fractio, kholo la fulakishoni, lili ndi tanthauzo lomwelo. Kamzere kolekanitsa nambala ya pamwamba ndi ya pansi kakuoneka m'zolemba za al-Hassar, katswiri wa kumpoto chakumadzulo kwa Africa wa m'zaka za m'ma 1100. Leonardo wa ku Pisa, wodziwika kuti Fibonacci, adaphunzira masamuwa ali mnyamata mumzinda wa Bejaia, m'dziko limene tsopano ndi Algeria, ndipo adawafalitsa ku Ulaya kudzera m'buku la Liber Abaci mu 1202. Kuchokera ku Ulaya adabwera ndi sukulu za amishoni kufika m'mayiko a kuno kummwera ndi pakati pa Africa. Choncho 3/4 yolembedwa pa bolodi ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia ili ndi nambala ziwiri zosanjidwa mwa njira ya ku India ndi kamzere kochokera kumpoto kwa Africa.

Chimene chidatsalira panjira ndi tanthauzo la mayina. Mwana wa ku India wakale akamva chheda ankaona mpeni, akamva savarna ankaona zinthu za mtundu umodzi. Mwana kapena mkulu wophunzira magawo m'chiyankhulo chachilendo amaloweza mawu amene samuuza kanthu, ndipo lamulo loloweza popanda kulimvetsa limaiwalika msanga. Alangizi, aphunzitsi a sukulu za kwacha ndi alembi a magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama ali ndi mawu okwanira m'Chichewa: theka, chakhumi, gawo, chidutswa, kudula, kufananitsa. Mawu amenewa angathe kugwira ntchito imene amsha ndi chheda adagwira, ngati pa kugawana kulikonse afunsa poyera kuti gawolo ndi la chiyani, chinthucho chadulidwa kangati, ndiponso ngati magawo amene akuphatikizidwa ali a mtundu umodzi.

Bhaskara adasiyira ophunzira ake funso limene gulu lililonse lingayesere pamsonkhano. Pa gulu la njuchi, 1/5 idatera pa maluwa a mtengo wina, 1/3 pa maluwa ena, ndipo zochuluka katatu kuposa kusiyana kwa magulu awiriwa zidapita ku maluwa achitatu. Njuchi imodzi yokha idatsala ikuuluka m'mwamba. Kodi zonse zidalipo zingati? Magawowa akaikidwa pa mtundu umodzi, 1/5 ndi 3/15 ndipo 1/3 ndi 5/15. Kusiyana kwake ndi 2/15, kumene katatu ndi 6/15. Pamodzi zikukwana 14/15, kotero njuchi imodzi yotsala ija ndiyo 1/15, ndipo gulu lonse lidali ndi njuchi 15.